Mankhwala a mtsikana wathu asanathamange

Malume Area 25: Abale, mpikisano wa mdzukulu wa agogo watsala milungu 6. Nkhani ndi ziwiri, chopereka cha nsapato ndi mankhwala ake a mphumu. Yachiwiriyi ndiye yofulumira, poti pa mpikisano angamuyeze mkodzo kufufuza mankhwala oletsedwa m'masewera.

Achimwene Kawale: Amalume, ine zoyeza mkodzozi sindizikhulupirira. Sinner wa tenisi uja anamupeza ndi mankhwala oletsedwa a clostebol mu 2024, chilango miyezi 3 basi, French Open n'kusewera. Akanakhala wa kuno bwenzi atapatsidwa zaka 4.

Malume Area 25: Mphwanga, lamulo ndi limodzi. Chapezeka m'thupi mwako, mlandu ndi wako, kaya unadziwa kaya ayi. Chimachepetsa chilango n'kusonyeza njira imene chinalowera. Sinner anasonyeza kuti chinachokera ku mankhwala opopera pachala cha womusisita. Goloboyi Onana anamwa piritsi la mkazi wake lokhala ndi mankhwala oletsedwa a furosemide, UEFA inati miyezi 12, khoti la zamasewera la CAS ku Lausanne linatsitsa kufika 9.

Achimwene Kawale: Ndiye zomwe ndikunenazo. Kusonyezako kumafuna maloya ndi akatswiri a labu. Pogba zaka 4 zinasanduka miyezi 18. Ife apilo ya masiku 21 tingaikwanitse ndi ndalama za Mpamba?

Azakhali Biwi: Sitingathe, n'chifukwa chake tikonzeretu. Mverani. Salbutamol wopuma uja, mankhwala ake a mphumu, ndi wololedwa, koma asapitirire ma microgram 600 pa maola 8, kapena 1,600 pa maola 24. Kupopera kamodzi kawirikawiri ndi 100, ndiye kasanu n'kamodzi pa maola 8 wafika pamalire. Mapiritsi a salbutamol ayi, ndi oletsedwa nthawi zonse. Prednisolone wakumwa ndi woletsedwa pa mpikisano. Ngati adokotala akuti sangachite popanda ameneyo, pakufunika TUE, chilolezo chomwera mankhwala oletsedwa chifukwa cha matenda, ndipo fomu imapita kutatsala masiku 30 kapena kuposa.

Mayi ake: Alamu, nanga akadwala chimfine?

Azakhali Biwi: Awerenge kaye paketi. Pakalembedwa pseudoephedrine asiye kutatsala maola osachepera 24. Tramadol analetsedwa pa mpikisano kuyambira 1 Januwale 2024. Panado alibe vuto. Za ufa wolimbitsa thupi wa mumsika iwalani, zimene zili m'katimo sizonse zimalembedwa pachitini. Ndipo wina auze agogo mwaulemu kuti mizu yawo ija iyambe yadikira.

Mlamu Area 49: Ameneyo akhale malume, ife sitingayerekeze 😂

Malume Area 25: Ndamva. Tsopano tsiku lenilenilo. Akamusankha kuti ayezedwe, womuyang'anira samusiya mpaka atapereka. Ali ndi ufulu wolowa ndi munthu mmodzi. Mkodzo umafunika mamililita 90. Amasankha yekha bokosi losatsegula, amathira 30 m'botolo B ndi 60 m'botolo A, amatseka yekha. Woperekezayo ntchito yake ndi maso: nambala ya pamabotolo ifanane ndi ya pafomu, mankhwala onse a masiku 7 apitawo alembedwe, ndipo chilichonse chokayikitsa chilembedwe pamalo a ndemanga asanasaine. Ambiri amagwa apa, amasaina ali wefuwefu osawerenga. Asamwenso madzi mopitirira, mkodzo ukasungunuka kwambiri amamuuza kuti aperekenso, mpaka usiku.

Achimwene Kawale: Botolo B lija, lotsimikizira zomwe zapezeka mu A, amatsegulira kunja, poti labu yovomerezeka ndi WADA, bungwe la dziko lonse loletsa mankhwala m'masewera, kuno kulibe. Ufulu wokaonerera ulipo, tikiti ya ndege palibe. Chilungamo chake ndi chimenecho?

Malume Area 25: Pamenepo sindikutsutsa. Koma kopi ya fomu tisunge, ndiyo umboni wathu.

Mayi ake: Ndiye aperekeze ndani?

Azakhali Biwi: Ndipita ine. Alamu, munditumizire zithunzi za mapaketi onse lero, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Lolemba tikaonane ndi adokotala, kenako tifunse a MADO, bungwe la kuno loletsa mankhwala m'masewera, za fomu ya TUE.

Mlamu Area 49: Nsapato ndi K20,000 nyumba iliyonse, mutumize kwa ine pofika Lachisanu. A ku Kawale, ya mwezi watha ija mudakali nayo.

Achimwene Kawale: Ndikuchita apilo 🙈