Ndikufuna woti andiunikire pa zopereka kafukufuku wa umphawi ku AERC

Moni nonse abale ndi alongo. Ndakakamira, ndiye ndabwera kwa inu.

Ndinamaliza masters ya economics chaka chatha, panopa ndili ku Zomba. Ndikufuna kutumiza pulopozo ku African Economic Research Consortium (AERC), bungwe lomwe lili ku Nairobi ndipo lakhala likulumikizitsa akatswiri a zachuma a kuno ku Africa kuyambira 1988. Mutu wanga ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka m'midzi ya kuno kwathu.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Ziwerengero za NSO (National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero) zikuonetsa kuti Gini (muyeso wa kusiyana kwa olemera ndi osauka) inatsika kuchoka pa 0.42 mu IHS4 (kafukufuku wachinayi wa NSO wa moyo wa m'mabanja) ya 2016/17 kufika pa 0.38 mu IHS5 (wachisanu) ya 2019/20, pomwe umphawi unangokhalabe cha pa theka la Amalawi. Kodi osauka anakweradi, kapena ndi olemera omwe anatsika? Ndikapita kumudzi kwathu sindiona kuti zinthu zasintha, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaigwira ndi mtima wonse.

Deta ndinaitenga kale pa World Bank Microdata Library ndipo ndikugwiritsa ntchito Stata, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero. Ndayesa kuwerengera ndekha zomwe mabanja amagwiritsa ntchito, koma ndikaikamo kusintha kwa mitengo m'madera, manambala anga sakugwirizana ndi a m'lipoti la NSO. Aphunzitsi anga akale ali kunja, mnzanga amene ndinkadalira anasiya zakafukufuku.

Kodi alipo pano amene anaperekapo pepala pa misonkhano ya AERC ya kawiri pachaka? Amafuna pulopozo yozama motani, ndipo munthu yekha opanda PhD amamulandira? Amene anafananitsapo IHS4 ndi IHS5, chonde tandithandizeni kuona pomwe ndikuphonya.