Malawi yapambana, apambana kapena wapambana? Tithandizane pa mitu ya nkhani zamasewero

Wa zamasewero, Mchinji Boma: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto lomwe latidyera nthawi sabata yonseyi kuno ku wailesi. Tikukonza pologalamu yokumbukira masewero akuluakulu a timu ya dziko lathu, ndipo gawo lililonse likhala ndi mutu wake womwe tiziikanso pa Facebook. Tinagawana ntchito anthu atatu. Nditasonkhanitsa mapepala ndapeza izi:

Malawi yagonjetsa Algeria 3-0
Malawi agonjetsa Zimbabwe 2-1
Malawi wagonja kwa Morocco 2-1

Dziko limodzi, timu imodzi, koma ya-, a- ndi wa-. Aliyense akuti zakezo ndiye Chichewa chenicheni. Pofika Lachisanu tikhale titasankha chimodzi, chifukwa omvera ena ayamba kale kutifunsa kuti kodi mulibe wokonza nkhani kumeneko.

Mtolankhani, Mkanda: Achimwene, ine ndimalemba "yagonjetsa" basi. Ndi momwe ndinazipezera ndipo khutu langa linazolowera chomwecho. Koma mukandifunsa chifukwa chake sindingalongosole bwino. Aphunzitsi ali pompano, atithandize.

Wowerenga nkhani, Kapiri: Ine ndiima ndi amene analemba "agonjetsa". Mpira samenya munthu mmodzi. M'bwalo mumakhala anyamata 11. Zigoli ziwiri zomwe tinagonjetsera Zimbabwe zija anamwetsa Gabadinho Mhango, inde, koma mipira ankamupatsira anzake, ndipo kumbuyo kunali otchinga. Ukamati "agonjetsa" ukulemekeza onsewo. Komanso pa BBC amanena "Malawi have won", osati "has". Ngati eni Chingerezi akuwerengera timu ngati anthu ambiri, ife tikanirenji?

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma, Kamwendo: Ana anga, zikomo pondikumbukira. Ndiyambe ndi inu a ku Kapiri. Za BBC mwanena zoona, a ku Britain amatero pa matimu. Koma Chingerezi chomwecho, a ku America amalemba "has", timu amaiona ngati chinthu chimodzi. Iwonso sagwirizana. Ndiye mlandu wathu tisautengere kumeneko. Kwa iwo funso ndi limodzi: chimodzi kapena zambiri? Kwa ife funso ndi lina: dzinali lili m'gulu liti la mayina? Mgwirizanitsi amachokera pamenepo.

Tsono dzina loti Malawi ndi lovuta kuposa Zambia kapena Morocco, chifukwa lili ndi njira zingapo ndipo zonse ndi Chichewa.

Mukati "Malawi yagonjetsa", pali mawu omwe simunawalembe koma aliyense akuwamva: timu. Timu ya Malawi yagonjetsa. Mukati "lagonjetsa", mawu obisikawo ndi dziko, gulu la Li-Ma. Mukati "wagonja", mwamusandutsa Malawi munthu, ndipo si kulakwa ayi. M'nyimbo ya fuko lathu timaimba kuti "mumsunge", osati "muisunge" kapena "mulisunge", ndipo timamutcha Mayi. Mukati "agonjetsa", mwina mukuganiza za osewera, mwinanso khutu lanu lamva ma- wa kumayambiriro kwa dzinalo, ngati malawi a moto, n'kuika a-.

Ndiye anzanu atatuwo palibe wanama. Koma pa mutu wa nkhani ya masewero ine ndikuti sankhani ya-. Chomwe chalowa m'bwalo ndi timu, osati dziko lonse ndi nyanja yake.

Wowerenga nkhani, Kapiri: Aphunzitsi, ndakumvani, koma ngati zonse ndi Chichewa, "agonjetsa" walakwa chiyani?

Mkonzi, Waliranji: Ndiyankheko ine, achemwali, chifukwa ndinapsa nazo. Yesani a- pa maiko ena mumve. "Morocco agonjetsa Malawi." "Senegal alephera kumwetsa chigoli." Pa wailesi munthu saona zilembo, amangomva. Agogo a kumudzi akamva "Senegal alephera" akhoza kuganiza kuti ndi bambo wina dzina lake Senegal, chifukwa a- yemweyo ndiye wa ulemu, yemwe timaika tikamanena za mfumu kapena nduna. Pa Malawi pali chisokonezo chinanso: "Malawi agonja" ndi "Amalawi agonja" pa sipika zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, makamaka wowerenga akathamanga. Koma matanthauzo ndi osiyana. Loyamba ndi la mpira, lachiwiri likukhudza mtundu wonse.

Lamulo labwino la pa desiki ndi lomwe ligwira pa dzina lililonse osaima n'kuganiza. Ya- amagwira: Zambia yapambana, Guinea yapambana, Netherlands yapambana, ngakhale dzinalo lili ndi s kumapeto. Usiku masewero atatha mochedwa, nkhani ikufunika pompo, sufuna kuyamba kufunsa kuti dzina ili ndiliika pati.

Mtolankhani, Mkanda: Apo ndiye mwandimasula. Nanga mayina otchukira aja? Flames, Queens, Scorchers. Ine ndimapezeka ndalemba "Flames yagonja" lero, mawa "Ma Flames agonja".

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma, Kamwendo: Zonse ziwiri zili bwino, bola musaphatikize. Mukaika Ma patsogolo mwasankha kale gulu, ndiye mneni atenge a-: Ma Flames agonja, Ma Queens apambana. Mukasiya Ma, mwabwerera ku timu: Flames yagonja, Queens yapambana. Chomwe chimandipweteka m'khutu ndi "Ma Flames yagonja". Chimenecho ndiye cholakwika chenicheni, ndipo ndimachimva kawirikawiri. Kunonso kwathu onani: timati Bullets yapambana, koma Maule apambana, Wanderers yagonja, koma Manoma agonja. Ochemerera mpira lamuloli amalitsata bwinobwino osaliphunzira m'kalasi.

A ku Kapiri, njira yanu yolemekeza osewera ndi imeneyi. Mukafuna a-, mupatseni mwininkhani woyenera: anyamata athu, atsikana athu, Ma Queens. Mwachitsanzo za 2018 zija, pomwe timu yathu ya ntchemberembaye inagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Australia. Mutu ukhoza kukhala "Malawi yagonjetsa New Zealand", kenaka m'kati mwa nkhani n'kumati "atsikanawa anasewera mopanda mantha". Palibe chasemphana pamenepo, chifukwa mwatchula dzina latsopano ndipo mneni walitsata.

Wowerenga nkhani, Kapiri: Ngati m'kati mwa nkhani ndili ndi ufulu wotero, ndavomera. Chomwe ndinkakana n'choti nkhani yonse izingoti "iyo, iyo", ngati tikunena galimoto.

Wa zamasewero, Mchinji Boma: Zikuyenda tsopano. Koma pali mitu iwiri yomwe yandiimitsa. Woyamba ndi wa masewero a chikho cha Africa a ku Cameroon mu Januwale 2022, pomwe tinasewera ndi Senegal osagoletsana. Mnzanga walemba "Malawi ndi Senegal zalepherana 0-0". Wina akuti "alepherana". Apa ya- sakulowa chifukwa ndi awiri.

Mkonzi, Waliranji: Apa mpovutadi. Amene akuti za- watenga ya- uja n'kumuchulukitsa ngati nyumba ya, nyumba za. Amene akuti a- akuganiza matimu, chifukwa timu zikachuluka ambiri timati matimu, ndipo matimu alepherana. Ine zonse ndinazimvapo pa wailesi. Koma pa desiki yanga ndimazemba: ndimasiya dzina limodzi kutsogolo, linalo kumbuyo kwa ndi. "Malawi yalepherana ndi Senegal 0-0." Mwininkhani watsala mmodzi, ya- wabwerera, mutu sunatalike.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma, Kamwendo: Bwana mkonzi mwachita bwino. Ndionjezerepo kuti dzina lomwe mwaika kutsogolo ndi lomwe nkhani ikulikonda. Masewero amenewo kwa ife anali aakulu, chifukwa mfundo imodzi ija inathandiza kuti tidutse m'gulu kupita m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu, ndipo Senegal yomweyo ndi yomwe inakatenga chikho. Ndiye Malawi ikhale kutsogolo. Mukafunadi kutchula onse pamodzi, lembani mawu obisikawo poyera: "Matimu a Malawi ndi Senegal alepherana."

Wa zamasewero, Mchinji Boma: Wachiwiri ndi wa anansi athu. Mukudziwa kuno timamvedwanso kutsidya kwa Mwami, ndiye tinaikamo gawo la Zambia pomwe inatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, itagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate. Mutu walembedwa kuti "Chipolopolo chatenga chikho". Ine ndikuona ngati cha- ameneyo ngwachilendo, koma sindikudziwa ndimutsutse bwanji.

Mtolankhani, Mkanda: Ine ndikamacheza ndi anthu za mpira ndimati Chipolopolo yapambana. Cha- ndimamumva ngati tikunena chipolopolo cha mfuti.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma, Kamwendo: Mwamva bwino, mwana wanga. Chipolopolo ndi mawu athuathu a gulu la Chi-Zi, n'chifukwa chake lilime likuthamangira ku cha-. Koma pano ndi dzina la timu. Chipolopolo cha mfuti sichitenga chikho. Cha- musungeni pomwe mukusewera ndi tanthauzo la mawuwo mwadala, monga "Chipolopolo chalasa Njovu", poti timu ya Ivory Coast imatchedwa Njovu. Umenewo ndi mutu wokoma ndipo womvera aliyense aumva. Koma mneni akakhala wamba, kutenga, kugonja, kupambana, bwererani ku ya-.

Wowerenga nkhani, Kapiri: "Chipolopolo chalasa Njovu" ameneyo musamutaye, achimwene. Ndikhoza kumuwerenga ndi mtima wonse.

Mkonzi, Waliranji: Chinthu chimodzi ndisaiwale. Wa- uja musamuthamangitsiretu pa wailesi. Pa ndemanga, pa ndakatulo, kapena pomwe wolankhula akudandaula kuti "Malawi wathu walira usiku uno", amakhala bwino kwambiri. Kungoti si wa mutu wa zotsatira. La- nayenso ali ndi pake: "Dziko la Malawi lasankhidwa kuchititsa mpikisano", chifukwa apo ndi dzikodi, osati timu. Koma mawu oti dziko alembedwe, asabisike.

Wa zamasewero, Mchinji Boma: Zikomo kwambiri nonse. Ndakonza mitu motere, muione musanagone:

Malawi yagonjetsa Algeria 3-0
Malawi yagonjetsa Zimbabwe 2-1
Malawi yalepherana ndi Senegal 0-0
Malawi yagonja kwa Morocco 2-1
Chipolopolo chalasa Njovu
Ma Scorchers atenga chikho cha COSAFA

Wotsirizawo ndi wa 2023, pomwe atsikana athu anagonjetsa Zambia 2-1 m'masewero omaliza. Ndaika Ma mwadala kuti a ku Kapiri akondwe.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma, Kamwendo: Yonse ili bwino. Pansi pa mutu wa Algeria ikanipo chaka, 2010 ku Angola, chifukwa achinyamata ambiri omwe akumvereni nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu, angayese zachitika dzulo.

Wa zamasewero, Mchinji Boma: Ndaika, aphunzitsi. Mawa m'mawa ndimata pepala la lamuloli pakhoma la situdiyo kuti wolowa usiku aziliona.