Mjigo wina, kapena tibwezere madzi pansi?

A Tembo (wapampando): Abale, ndalama zija zakwana. Tinapangana zoboola mjigo wachiwiri ku Mchini, komboni ya ku Chipata, koma a Zulu ali ndi ganizo lina. Tiwamve.

A Zulu (Kitwe): Zikomo a wapampando. Mjigo woyamba uja unaphwa ndi chilala cha 2024. Tikaboola wina pambali pake, ndiye kuti tikutunga m'mtsuko womwewo, womwe palibe akuthiramo. Ku Orange County, ku California m'dziko la America, kuyambira 2008 amatenga madzi a m'suweji, kuwasefa, kuwadutsitsa pa reverse osmosis (sefa ya timabowo tating'ono kwambiri) ndi kuwala kwa UV kopha tizilombo, kenako n'kuwathira m'maiwe kuti alowe m'nthaka. Zitsime za kumeneko zimatunga omwewo.

Anaphiri (Mchini): Achimwene, mwati a m'suweji? Adzukulu anga amwe madzi a kuchimbudzi? Mwaiwala kale kuti kolera inasandutsa Heroes Stadium, bwalo la mpira la ku Lusaka lija, chipatala?

A Zulu: Sindinaiwale, amayi. Koma ku Windhoek, ku Namibia, akhala akumwa madzi oyeretsedwa chonchi kuyambira 1968.

Anaphiri: Iwowo ali ndi mapaipi. Kuno kukomboni zimbudzi ndi zokumba, mukasefa chiyani? Ine ndimadzuka 4 koloko, ndimapeza zigubu zandanda kale mpaka pa mtengo wa mango uja. Pofika ine, madzi amatuluka ofiira ngati tiyi. Ndikufuna mjigo.

Amayi Jere (msungichuma): Makina amenewo ngakhale titasonkha zaka khumi sitingawakwanitse. Komanso amafuna malaiti usana ndi usiku, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika madzi atatsika ku Kariba, damu lopangira malaiti lija. Koma pa za mtsuko a Zulu anena zoona. Mvula ikagwa pa mapiri a Chipata, madzi amathamanga, kugumula misewu, n'kupita. Bwanji tiike magata pa malata a sukulu, madziwo azitsikira m'dzenje la miyala ndi mchenga, kutali ndi zimbudzi?

A Zulu: Apo ndavomera. Koma katswiri ayeze malowo kaye, ndipo tifunse a WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, tisanakumbe. Madzi apansi akaipa, kuwayeretsa n'kovuta.

Anaphiri: Dzenje lanulo lidzamwa mu Disembala. Nanga Okutobala uno ife timwa chiyani?

A Tembo: Funso la Anaphiri ndi lolemera. Amayi Jere, tipezereni mtengo wa zonse ziwiri, mjigo ndi dzenje. Loweruka tivota.