Akuti plasma yake ndi yozizira, nanga bwanji pulasitiki yanga ikupindika?

Wamawaya_Mpondasi:
Akuluakulu muli bwanji kuno. Ndapanga ka plasma actuator ka mtundu wa DBD (dielectric barrier discharge, pomwe magetsi amphamvu amasandutsa mpweya kukhala plasma, mpweya wowala wodutsa magetsi, pamwamba pa chinthu chosadutsa magetsi), kaja amayesera kuika pamapiko a ndege kuti mpweya uzitsatira phiko bwinobwino osabalalika. Ndamata tepi ya kopa pamwamba, ina pansi yopita mtsogolo pang'ono, pakati pali pulasitiki ya acrylic, magetsi ndikutenga pa fulaibaki (thiransifoma yokweza voteji) ya TV yakalekale ija yopanda diode mkati. Mumdima kakuwala papo m'mphepete mwa kopa wapamwamba ndipo utsi wa koyilo ya udzudzu ukukankhidwira mbali imodzi ndiye kugwira kakugwira ndithu. Vuto ndi loti pakangopita mphindi zochepa pulasitiki ikumatentha mpaka yayamba kupindika komanso kuyera pomwe pakuwalapo. Paliponse ndikawerenga akuti plasma imeneyi ndi yozizira, ndiye kutenthaku kukuchokera kuti? Kapena ndi dzuwa lathu la Okutobala lomweli?

Aphunzitsi_Namwera:
Achimwene dzuwa mulisiye kaye lilibe mlandu waukulu apa. Akamati yozizira satanthauza kuti mutha kuyikapo chala, akutanthauza kuti mkati mwa plasmamo zinthu sizitentha mofanana. Ma electron, tizigawo ta atomu tonyamula magetsi, ndi opepuka kwambiri ndiye magetsi amawathamangitsa mpaka mphamvu zawo mukaziwerengera ngati kutentha zimaposa madigiri 10,000, koma mpweya weniweniwo, naitrojeni ndi okosijeni, umatsalira kutali kwambiri chifukwa electron ikagunda molecule yolemera imangopatsako mphamvu pang'ono zedi. Ndiye poyerekeza ndi moto wa owotcherera zitsulo ndi yozizira inde, koma poyerekeza ndi pulasitiki yanuyo ayi.

Chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi choti kachipangizo kameneka ndi kowononga magetsi koopsa. Pa magetsi onse amene mukulowetsamo, amene amasanduka mphepo safika ngakhale 1 pa 100, ndipo mphepoyo imangothamanga mamita ochepa pa sekondi. Otsalawo pafupifupi onse amathera ku kutentha, pang'ono ku kuwala ndi kupanga ozoni. Kutenthako kumabwera mbali ziwiri, mpweya umatenthedwa ndi timizere ta moto timene timathetheka m'mphepete mwa kopa kenako umawotcha pulasitiki kuchokera pamwamba, komanso pulasitikiyo imadzitenthetsa yokha mkati chifukwa magetsi akusinthasintha mbali kambirimbiri pa sekondi. Nchifukwa chake pomwe payerapo ndi m'mphepete mwenimweni mwa kopa, pamenepo ndi pomwe zonse ziwirizi zachuluka.

MwanaWaMakawa:
kkkk Che Wamawaya mufuna kuulutsa ndege pa Bakili Muluzi Bridge kapena? Koma zoona zake tsegulani mawindo aise, kafungo kakuthwa kaja mukukamva ndi ozoni ndipo simafuna mapapo amunthu. Ana asayandikirenso, mavoti amenewo ndi masauzande.

Fundi_MonkeyBay:
Aphunzitsi afotokoza bwino koma ine ndilowe kumbali ya zida chifukwa ndi kumene kuli yankho. Acrylic imayamba kufewa ikangodutsa madigiri 100 pang'ono, ndiye simufunika moto wambiri kuti ipindike. Pezani galasi, ngakhale la windo lomweli, kapena ngati mungapeze seramiki ya alumina ndiye zabwino kwambiri poti imamwaza kutentha msanga. Ena amakonda Kapton tepi yachikasu ija timamata pokonza mafoni, imapirira kutentha inde koma ndi yopyapyala ndipo plasma imaidya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina imabooka kenako moto umangodumpha kopa kupita kopa basi zathera pomwepo.

Chachiwiri musamakweze voteji mwachisawawa. Magetsi amene kachipangizoka kamadya sakwera mofanana ndi voteji, amakwera mothamanga kwambiri, mukangowonjezera voteji ndi 20 pa 100 magetsi odyedwa amatsala pang'ono kuwirikiza kawiri ndipo kutentha kumatsatira komweko. Frequency nayo (kangati magetsi akusinthasintha mbali pa sekondi), fulaibaki ya TV inapangidwira 15,625 Hz ndipo ambiri amaiyendetsa kuposa pamenepo, pomwe oyesa zinthuzi m'malabu kawirikawiri amakhala pa ma kHz (masauzande a Hz) ochepa. Ngati dalaivala wanu (kaseketi koyendetsa fulaibaki) ali pa kachipu ka taima ka 555 muikeni kuti aziyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, mbale yapakati pa makopawo ipezeko mpata wopuma. Ikaninso kafani kakompyuta kaziwomba pamwamba, paphiko lenileni mpweya wothamanga ndi umene umachotsa kutenthako pomwe panu patebulo palibe.

Poyeza musalozetse kamfuti koyezera kutentha kaja pa kopa wonyezimira kakunamizani kuti nkozizira, lozetsani pagalasi pafupi ndi m'mphepete mwa kopa mukangozimitsa. Waya woyezera kutentha wa thermocouple usayandikire magetsi ali oyaka, mita yanu ipsa ndipo mwina ndi inu nomwe.

Aphunzitsi_Namwera:
A Fundi mwakhudza zenizeni. Ndiwonjezere za nyengo poti funso linalipo, kunja kukakhala madigiri 36 mmalo mwa 25 ndiye kuti mbale yanu yayambira pamwamba ndi madigiri 11, sizochepa koma sizimene zapinda pulasitiki. Kwa ife a kunyanja chinyezi ndi chimene chimavuta kwambiri, mpweya ukanyowa mphepo ya kachipangizoka imafooka, munthu nkumakweza voteji kuti abweze mphepoyo kenako kutentha nkuchuluka.

Komanso kutenthaku ena amachita kukufuna. Pali mtundu wina umene amaupatsa magetsi mwakamphindi kochepetsetsa, ma nanosecond, umenewo sudalira kukankha mphepo ayi umatenthetsa mpweya modzidzimutsa mpaka pamatuluka kafunde ka mphamvu kamene kamagwedeza mpweya wapaphiko, ndipo umagwira ngakhale pa liwiro lalikulu pomwe wanuwu sungathe kanthu. Ena akuyesanso kugwiritsa ntchito kutentha komweku kuti ayezi asamaundane pamapiko.

Wamawaya_Mpondasi:
Zikomo akuluakulu, galasi ndili nalo la mamilimita 3. A Fundi, kopa wapansiyo ndimukwirire ndi chani kuti asamawalenso kunsi, silikoni wa magalasi uja angathe?

Fundi_MonkeyBay:
Angathe, ingopakani mokhuthala osasiya timabowo ta mpweya ndipo mudikire aume kaye. Plasma yakunsiyo imangodya magetsi ndi kutenthetsa galasi pachabe ndiye mukaitseka muona kusintha.