Ana atsekera, inu mukutani nawo?

Mayi wa ku Ulongue: Abale, ana atsekera sukulu ndiye pakhomo pano ndi chipwirikiti, m'mawa timapitira limodzi kukapalira chimanga koma tikangobwerako aliyense mayi njala mayi njala, ufa ukutha ngati wabedwa. Anzanga mukutani nawo mpaka Khirisimasi?

Bambo wa ku Moatize: Kuno kukutentha mayi, masana sitiyenda. Ine ndimangoyala mphasa pansi pa mtengo wamango n'kumawaphunzitsa bawo, dzulo kamng'onoko kandidya kawiri, manyazi bwanji.

Mayi wa ku Zóbuè: Ife pa 25 Disembala mpunga wa nkhuku basi, tambala ndasankha kale. Zovala ndagula za kaunjika, ndachapa, ndasita n'kubisa m'sutikesi.

Mayi wa ku Ulongue: Kubisako mwachita bwino achemwali, angawa akanavala kale popita kumunda kkkk