Zotsatira pa funso langa la ndalama za chipatala cha mayi anga

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija. Ndinafunsa ngati lamulo la anthu achikulire, lomwe aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza mu 2024 atakambirana kwambiri, likutanthauza kuti mayi anga a zaka 74, omwe amavutika ndi kuthamanga kwa magazi, sadzalipiranso ku chipatala cha mishoni.

Ndinatsatira uphungu wa achemwali amene anati ndipite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuno ku Lilongwe, nditatenga chiphaso cha unzika cha mayi. Kumeneko anandiuza kuti lamulolo limawerengera munthu wa zaka 60 kupita mtsogolo ngati wachikulire, koma zokangana za aphungu zomwe timamva pa wailesi sizisintha mitengo pa kauntala tsiku lomwelo. Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM zimalipiritsa, kupatula chithandizo chomwe zinagwirizana ndi boma, ndipo nthawi zambiri chimakhala cha amayi oyembekezera ndi ana. Ku chipatala chathu cha mishoni tinalipiradi.

Ndiye tasamukira ku chipatala cha boma chapafupi, komwe chithandizo n'chaulere. Mzere ndi wautali, kulawirira m'mamawa n'kofunika, ndipo mwezi wina mankhwala a BP anasowa, tinakagula ku famase.

Amene muli ndi makolo ngati anga, musamaiwale buku la kuchipatala, ndipo yambirani ku chipatala chaching'ono kuti akulembereni kalata musanapite ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.