Ndili Form 4 ndipo miyezi yonseyi ndaphunzirira pa foni ya achimwene, ndilembe MSCE kapena ndibwereze?

Admin chonde mundibise dzina. Ine ndi mtsikana wa Form 4 pa CDSS ina ku Lilongwe, chakumudzi ndithu osati mtauni. Sukulu anatseka pa 23 March 2020 chifukwa cha Corona, pano akuti ife a Form 4 ndi a Standard 8 tibwerere pa 7 September ndiye mayeso sali patali. Mutu wanga sukugwira abale, ndithandizeni maganizo.

Chitsekereni sukulu aphunzitsi ena anapanga gulu la WhatsApp, amajambula manotsi nkumatumiza, pena ma voice note. Vuto foni yanga ndi ya mabatani, ya WhatsApp ndi ya achimwene a kabaza, amachoka m'bandakucha nkubwera kutada foni ili pafupi kuthima, kwathu magetsi kulibe ndiye mpaka akatchajitse pa trading. Ndikaigwira ndimapeza ma message atadzaza, ambiri ndi ma sticker ndi anyamata kukangana za Liverpool ndi Man U, manotsi enieniwo mpaka ufufuze, bandulo ikutha. Ndimakopera mu kope ndi tochi achimwene ali pakhomo kudikira foni yawo.

Biology, Agriculture ndi Chichewa ndimawerenga ndekha nkumamva. Koma Maths ndi Chemistry eee. Asala amatumiza chithunzi cha mole concept chopendekeka manambala osaoneka, ukafunsa amayankha mawa masana iwe foni ulibe, pofika usiku anzako apita kale topic ina. Practical ndiye musanene, burette ndinangoiona kamodzi ili m'manja mwa aphunzitsi. Pa wailesi akuphunzitsa a ku pulaimale okha. Masana ndi kudimba, kumjigo, kulera ana a achemwali, ukatenga kope amayi amvekere sukulu anatseka ukuwerenga chani. Anzanga ena a m'kalasi ali ndi mimba, azakhalinso ayamba kundinong'oneza za mwamuna wina wa ku Joni.

Fizi ya mayeso achimwene analipira kale movutikira. Ndilembe basi ngakhale ndikuona ngati ndigwa, kapena ndidikire chaka chamawa? Ndimafuna unamwino.

Mphunzitsi wa Maths: Mwanawe lemba. Usaganize kuti ndiwe wekha, ngakhale a ku boarding abwera mitu itachita dzimbiri, ambiri mabuku anawasiya mu trunk. MSCE amawerengera maphunziro 6 amene wakhoza bwino ndipo English isasowe, ndiye usamwaze mphamvu, English ndi Biology yakoyo uzimange kaye. Unamwino amafuna ma science ndiye Chemistry usaithawe, mole concept siwerengedwa ngati nthano, umachita kusova. Peza ma past paper a MANEB, funso limodzi usove mpaka litheke kenako lina, mukatsegulira ukawakakamire asala akuonetseni titration ndi manja anu ngakhale Loweruka. Zikavuta udzalembanso ngati external, ma open school alipo, koma udzakhala utaiona pepala.

Mchimwene wina: Sisi chaka chino cha 2020 Unduna wa Zamaphunziro unaika manotsi a sekondale pa intaneti mogwirizana ndi TNM, ndi laini yawo sizidya bandulo. Uzani achimwene akapange download a Chemistry okhawo mukapulintitse pa trading, pepala silifuna tchaji.

Wa gulu wina: Ine ndiye nditsutsa. Kulemba usanakonzeke ndi kungokatenga ma 9, kenako kunyumba azidzati mwaona sukulu inamukana, akwatiwe. Bwerezani bwinobwino mudzatulutse mapointi ooneka.

Mchemwali wa ku koleji: Abwereze ndi ndalama ya ndani? Mwamva kuti fizi ikuchokera pa kabaza. Komanso malo obwereza pa sukulu samangopereka chisawawa. Chaka china pakhomo ndi azakhali amenewo ndiye mukumuponya mkamwa mwa ng'ona. Ine ndinkawerenga ndi anzanga awiri pansi pa mtengo wa mango ku tchalitchi, aliyense amabwera ndi phunziro limene amalitha nkuphunzitsa enawo, fufuza amene Maths imamuyendera iwe umulipire ndi Biology. Masiki osayiwala.

Mayi wa mother group: Mwanangu za mwamuna wa ku Jonizo zikane poyera, usamangoseka akamakamba. Ngati sunakwane zaka 18 lamulo likuletsa, Constitution anaisintha mu 2017. Akakakamira pita kwa a mother group a pasukulu panu kapena kwa amfumu. Amayi akowo usalimbane nawo, uwatume aphunzitsi aakazi akawafotokozere kuti masabata atsalawa akumasule kudimba, akulu amamvana okhaokha.

Wofunsa: Zikomo nonse, achimwene ndawawerengera ndipo avomera kundisiyira foni Lamulungu lonse. Laini yawo si ya TNM koma akuti abwereka kwa mnzawo. Asala a Maths, ma past paper ndiyambire a chaka chiti, poti akale aja ndi a Physical Science ife tikulemba Chemistry payokha?